Kamzinda Kamene Kanajambula Mbiri Yace pa Makoma

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za kamzinda kena ka kutari, ku dziko la Canada, dzina lace Chemainus. Mbiri yace iri ndi phunziro pa nkhani imene imabvuta anthu ponse ponse, ndiyo ya kusonkha ndalama za cinthu cimene ciri ca onse, cosakhala ca munthu mmodzi payekha. Kusonkhera maliro sitikangana, pakuti imfa imagogoda pa khomo la yense. Kusonkhera mjigo sitilimbana kwambiri, pakuti ludzu tirimva tonse. Koma nanga wina akaimirira pa bwalo, nanena kuti tisonkhe ndalama tijambulitse cithunzi cacikuru pa khoma la sitolo, kodi simudzamuyesa wopenga? Anthu a ku Chemainus anamva mau otere. Poyamba anawakana, pambuyo pace nawabvomera, ndipo zimene zinawaonekera ndizo tikulemberani pano.

Mudzi wa matabwa

Chemainus ali m'mbali mwa nyanja ya mcere, pa cisumbu cacikuru ca Vancouver, m'cigawo ca British Columbia, kumadzulo kwa Canada. Dziko limenelo nla mvula yambiri ndi nkhalango za mitengo itali-itali, ina mwa iyo yonenepa kotero kuti anthu atatu ogwirana manja sangaizungulire. Eni dziko, a mtundu wa Stz'uminus, anakhalako kuyambira kale lomwe, namasodza nsomba m'nyanjamo, ndipo dzina la Chemainus licokera ku cinenero cao. Azungu atafika, anaimika makina ocekera matabwa m'caka ca 1862, ndipo kuyambira pomwepo, zaka zoposa 100, moyo wa mudziwo unali matabwa. Zombo zinkadza kudzasenza matabwa kunka nao ku maiko a kutari. Anthu a ku Ulaya, a ku China ndi a ku Japan anadza kudzafuna nchito, namanga nyumba zao pomwepo.

Tsono mudzi wodalira nchito imodzi uli ngati banja la munda umodzi: dzombe likagwa m'mundamo, palibe kwina kothawira. Wa sitolo ankagulitsa kwa anthu a ku macekako, wosoka zobvala ankasokera iwo omwe, ndipo aphunzitsi ankaphunzitsa ana ao. Pofika zaka zoyamba za m'ma 1980 malonda a matabwa anagwa, makina anali atakalamba, ndipo mseu waukuru wa pa cisumbupo unkapita patali pang'ono ndi mudziwo, kotero kuti apaulendo ankangopitirira osaima. M'caka ca 1983 kampani ya MacMillan Bloedel, imene inali mwini wa macekawo, inatseka nchito, ndipo anthu mazana-mazana anakhala manja lende. Ambiri anayesa kuti mudziwo wafa, kwangotsala kuuika m'manda.

Nzeru yocokera ku Romania

Munali m'mudzimo munthu wina, dzina lace Karl Schutz, wobadwira ku Germany, mmisiri wa matabwa. Iyeyu m'caka ca 1971 anayenda ulendo ku dziko la Romania, naona kumeneko machalichi akale a Akristu a Orthodox, amene makoma ace ali ojambulidwa kunja komwe, kuyambira pansi kufikira ku denga. Lina mwa machalichi ochuka a mtundu umenewo ndi la ku Voroneț, lomangidwa m'caka ca 1488 ndi kujambulidwa kunja m'caka ca 1547. Pa khoma lace la kumadzulo pali cithunzi ca Ciweruzo Comariza, ndipo utoto wace wobiriwira ngati thambo ukali kuoneka ngakhale wapyola mvula ndi cisanu ca zaka mazana anai ndi mphambu. Anthu amacoka kutari kukaona makoma amenewo.

Mwambo wotere ngwakale mu Eklezia. Pafupi ndi caka ca 600, Papa Gregory Wamkuru analembera Ambuye Serenus, episkopi wa ku Marseille, amene anaphwanya zithunzi za m'chalichi poopa kuti anthu angazipembedze. Papa anamuyamikira pa kukana kupembedza zithunzi, koma anamdzudzula pa kuziphwanya, namkumbutsa kuti munthu wosadziwa kuwerenga kalata amawerenga pa khoma. Awo a inu amene munafika ku Mua, nimuona makoma a nyumba ya Chamare, mudziwa kale m'mene cithunzi ca pakhoma cimagwirira munthu wodutsa ndi kumuimika.

Karl Schutz anabwerera kwao ndi ganizo lakuti, ngati makoma a ku Romania asimba mbiri ya cipulumutso, makoma a ku Chemainus angathe kusimba mbiri ya mudziwo. Koma anzace sanalilabadire ganizolo, ndipo linagona zaka ngati khumi. Nzeru ikafika pa nthawi ya kukhuta imasowa woimvera, koma njala ikalowa m'mudzi anthu amaikumbuka.

Kumene ndalama zinacokera

Pa nthawi imene malonda a matabwa anayamba kugwa, boma la cigawo ca British Columbia linapatula ndalama zothandiza mizinda ing'ono-ing'ono kukonza miseu ya malonda. Mfumu ya mzinda, Graham Bruce, amene anali akali mnyamata, pamodzi ndi eni masitolo, anafuna kuti Chemainus alandireko, ndipo m'menemo ganizo la Karl Schutz linapeza polowera. M'caka ca 1982, macekawo asanatsekedwe, zithunzi zisanu zoyamba zinajambulidwa. Coyamba ca zonse, nchito ya Frank Lewis ndi Nancy Lagana, cionetsa anthu alikukoka zipika m'nkhalango ndi makina a nthunzi. Cina, nchito ya Paul Marcano, cionetsa sitolo ya ku gombe ya munthu wa ku China wochedwa Hong Hing, amene akuru-akuru a m'mudzimo anali kumkumbukirabe. Ojambulawo sanapeke za m'mutu mwao, koma anatsata zithunzi zakale za kamera ndi buku la mbiri ya mudziwo lolembedwa ndi W. H. Olsen.

Koma thandizo la boma liri ngati mbeu yopempha kwa mnansi: ikwanira kubzala caka cimodzi, caka cinaco mubzala zanu. Kuti nchito ipitirire, panafunika eni mudzi. Eni nyumba anapereka makoma ao. Amalonda, makampani, mabungwe ndi mabanja anapereka ndalama, ena zambiri, ena zocepa. Amene analibe ndalama anapereka manja ndi nthawi yao. M'caka ca 1987 anakhazikitsa bungwe la anthu ogwira nchito mwaufulu, lochedwa Chemainus Festival of Murals Society, kuti lizisonkhanitsa zopereka, lizisankha zithunzi zatsopano ndi kusamala zakale. Motero zithunzi zisanu zija zinabala zinzace caka ndi caka, kufikira zinaposa 40. Pa njira anajambulapo mapazi a utoto wacikasu, kuti mlendo angotsata mapaziwo, aone zithunzi zonse wosasokera. Alendo anayamba kupatuka pa mseu waukuru uja, nadya m'nyumba zodyera, nagula m'masitolo, ena nagona komweko. M'caka ca 1993 mudziwo unatsegula nyumba yace ya masewero.

Cimene ndalama imagula

Mwina wina afunsa kuti, kodi cithunzi cimadya ndalama zanji, popeza ndi utoto cabe? Tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti misonkhamsonkha yambiri imafa cifukwa anthu anawerengera utoto wokha.

Coyamba ndi khoma lomwe. Khoma la cinyontho, kapena la pulasitala wosweka, limataya utoto ngati njoka ifundula, ndipo cithunzi cokoma cimasanduka mathotho zisanathe mvula ziwiri. Cifukwa cace amayamba kulipala, kumata ming'alu, kukonza denga kuti madzi asatsikire pa khomapo, ndi kupaka utoto woyamba umene umagwira khoma. Nchito imeneyi siioneka m'maso cithunzi cikatha, ndipo ndiyo imene anthu amafuna kuidumpha. Caciwiri ndi nsanja yokwererapo, pakuti cithunzi ca pakhoma cimatalika kuposa munthu kangapo, ndipo nsanja yogwedera imapha. Cacitatu ndi utoto wolimba pa dzuwa ndi mvula, umene mtengo wace uposa wa utoto wa m'nyumba, pamodzi ndi mankhwala oonekera amene amapaka pamwamba pace pomariza. Cacinai ndi malipiro a mmisiri. Wojambula amakhala masabata pa nsanja, ali ndi banja lodya nsima monga tonsefe, ndipo kumuuza kuti ajambule ulere cifukwa dzina lace lidzachuka ndiko kumdyera masuku pamutu.

Cacisanu ndico cimene ambiri amaciiwala, kusamala cithunzi citatha. Ku Chemainus mvula ndi mphepo ya mcere yocokera ku nyanja zimadya utoto, ndipo bungwe lija liyenera kufuna ndalama nthawi ndi nthawi zotsukira ndi kukonzanso zithunzi zimene zafwifwa. Tsiku lotsegulira cithunzi anthu amaomba m'manja nayesa kuti nchito yatha, pamene iri poyambira. Walira mvula walira matope: mudzi wofuna cithunzi ubvomere kuti udzacisonkhera kawiri, pocijambula ndi pocisunga.

Tijambule yani?

Apa ndipo pagona nkhani yeniyeni. Munthu mmodzi wolemera akalipira cithunzi conse, amasankha yekha cojambula, ndipo palibe womfunsa. Koma ndalama zikacokera m'manja ambiri, yense woponya kangacepe kace ali ndi mau, ndipo amafunsa kuti, nanga agogo anga ali pati pa khomapo? Funso limeneli limacedwetsa nchito, nthawi zina limautsa mikangano, koma ndilo limene limasandutsa khoma la sitolo ya munthu kukhala khoma la mudzi.

Ku Chemainus funsoli linabala zipatso. M'caka ca 1983 Paul Ygartua anajambula nkhope zitatu zazikuru za eni dziko, anthu aja amene anakhalako Azungu asanafike, ndipo cithunzi cimeneco cinakhala cimodzi ca zodziwika koposa m'mudzimo. Koma panali bala lina limene mudziwo unakhala nalo cete zaka zambiri. M'caka ca 1942, nkhondo yaikuru iri m'kati, boma la Canada linacotsa m'mbali mwa nyanja anthu onse a mtundu wa ku Japan, oposa 20,000, ngakhale ambiri a iwo anabadwira m'Canada momwemo. Linawatengera ku misasa ya kumtunda, niligulitsa nyumba ndi ngalawa zao. Mabanja a Cijapani a ku Chemainus anacotsedwa pamodzi ndi anzao, ndipo malo amene anakhalapo anatsala opanda cizindikiro. M'caka ca 1988 nduna yaikuru ya Canada, Brian Mulroney, inapepesa poyera m'dzina la boma. Ndipo m'caka ca 1991 makoma a ku Chemainus analandira zithunzi ziwiri zokumbutsa anthu aja, zojambulidwa ndi amisiri a mtundu womwewo. Joyce Kamikura anajambula ana a Cijapani pa tsiku la cikondwerero ca mudziwo, nkhondo isanabuke. Stanley Taniwa anajambula Shige Yoshida, amene anayambitsa gulu la ma Scout la anyamata a Cijapani m'mudzimo.

Taonani tsono: anthu amene anapitikitsidwa anabwerera pa khoma la mseu womwewo umene anayendamo ali ana. Cithunzi sicibweza nyumba yogulitsidwa, koma mwana wa m'mudzimo wodutsa popita ku sukulu amafunsa kuti awa ndani, ndipo akuru sangathenso kuyankha kuti kunalibe anthu otere.

Ena anatengerako

Mbiri ya Chemainus inaoloka nyanja. Ku Tasmania, cisumbu ca kumwera kwa Australia, kuli kamzinda kochedwa Sheffield, kamene kanalemera pa nthawi imene anthu ambiri anali kumanga madamu a magetsi pafupi pace, nikasauka nchitoyo itatha ndi anchito atacoka. Eni mudzi atamva za Chemainus anasonkhana, napangana kuyesa njira yomweyo, ndipo m'caka ca 1986 John Lendis anawajambulira cithunzi cao coyamba.

Ku Toppenish, kamzinda ka m'cigawo ca Washington ku United States, kokhala m'dziko la mtundu wa Yakama, anayamba m'caka ca 1989, napeza njira yao-yao yokokera anthu. Anaitana amisiri ambiri pamodzi kuti ajambule cithunzi cimodzi cacikuru m'tsiku limodzi, anthu alikupenyerera, monga momwe timacitira polima dima. Tsiku lotere linasanduka mwambo wa mwezi wa June. Bungwe lao limasonkhanitsa mphatso za anthu, ndipo linaika lamulo lakuti cithunzi ciri conse cisimbe zoona za mbiri ya dera lao. Nzeru ya dima lotere njoonekeratu: munthu amene waona ndi maso ace ndalama yace iri kusanduka cithunzi, kuyambira m'mawa kufikira madzulo, sabvuta kuperekanso caka camawa.

Zimene sitiyenera kubisa

Tikadakunamizani tikadati zithunzi zinabweza zonse zimene macekawo anacotsa. Iai. M'caka ca 1985 anatsegula maceka ena atsopano ku Chemainus, ang'ono ndi a makina amakono, ofuna anthu owerengeka poyerekeza ndi akale aja. Nchito yolandira alendo imacuruka m'nyengo yofunda, nicepa m'nyengo ya cisanu, ndipo malipiro a wogulitsa tiyi safanana ndi a woceka matabwa. Ndiponso si mudzi uli wonse wojambula makoma umene udzaona alendo. Chemainus ali pa cisumbu cimene apaulendo amafikako kale, pafupi ndi mseu wa pakati pa mizinda ya Victoria ndi Nanaimo. Mudzi wa kutari ndi mseu ukasonkha ndalama poyembekeza magalimoto a alendo, udzalira.

Koma cimene zithunzi zinacita ncakuti anthu amene anali kumanga akatundu anapeza cifukwa cokhalira pamodzi pa bwalo, kukangana, kupangana ndi kupereka. Mudzi umafa tsiku limene anthu ace aleka kusonkhera cinthu cimodzi, ngakhale nyumba zace zikali ciriri.

Malangizo kwa osonkha

Tsono ngati pa malo ena anthu afuna kujambulitsa khoma la msika, la sukulu kapena la holo, mbiri iyi iwapatsa malangizo owerengeka, ndipo agwira pa msonkhamsonkha uli wonse.

Musanapemphe ndalama, pemphani khoma, ndipo mwini wace abvomere polemba, pamaso pa mboni, kuti sadzalifafaniza caka camawa ndi kulembapo malonda a sopo. Musanasankhe cojambula, itanani onse, amai ndi abambo, obadwira pomwepo ndi obwera, a mpingo wanu ndi a mipingo ina, pakuti khoma la pa mseu liwerengedwa ndi yense. Mmisiri ayambe wajambula pa pepala, pepalalo lipacikidwe poyera masabata angapo, kuti wodandaula adandaule utoto usanagulidwe. Funsani nkhalamba zikali moyo, pakuti zithunzi za ku Chemainus zinakoma cifukwa zinatsata zoona zimene anthu anali kuzikumbukira.

Ndalama zisakhale m'thumba la munthu mmodzi. Wolandira akhale wina, wolemba wina, ndipo poturutsa pasainidwe ndi anthu awiri kapena atatu. Wopereka yense alandire lisiti, ngakhale wapereka kakang'ono, ndipo ciwerengero ca zolowa ndi zoturuka cilengezedwe pa bwalo mwezi ndi mwezi. Kutero sikunyoza msungicuma, koma kumcinjiriza ku miseche, pakuti anthu okhulupirika ambiri anaipitsidwa mbiri cifukwa cosowa buku. Wopereka mcenga, wotunga madzi, wophikira mmisiri, alembedwe m'buku lomwelo pamodzi ndi wopereka ndalama. Wolemera akafuna kulipira zonse yekha, mthokozeni, mulandire gawo, koma musiyire osauka malo ao, cifukwa khoma limene mai wamasiye anaponyapo kakobiri kace iye adzaliletsa ana kulembapo ndi makala. Ndipo pa ndalama zonse mupatule gawo losakhudza, la kukonzera cithunzi zaka zikapita.

Mutu umodzi susenza denga, anatero makolo, ndipo anthu a ku Chemainus, amene mwambiwu sanaumvepo, anaona kuona kwace pa makoma ao. Tikupemphani, abambo ndi amai, kuti madzulo ano mutatha kudya mufunse agogo a pakhomo panu kuti, mudzi wathu uno ukadakhala ndi khoma limodzi lojambulapo, tikadaikapo yani, ndipo ndani amene tamuiwala? Ana amvere mayankho ace.